Phazi Losamva

Lolemba, 4 Novembala

Sokosi yakana kuvuka. Yamatirira kuphazi ndi magazi ouma. M'nsapato yakumanzere ndapezamo kachidutswa ka tambula ija inasweka kukhitchini kuntchito m'mawa. Ndiye kuti ndakaponda tsiku lonse: pa sinki, pothamangira basi ya ku Camps Bay, m'sitima, kuchoka pa siteshoni ya Langa mpaka pakhomo. Osamva kanthu.

Phazi limeneli linasiya kumva ndili ndi zaka 16, kwathu ku Balaka. Khate. Ndalemba mawuwo kenako ndayang'ana kuchitseko. Mankhwala ndinamwa chaka chathunthu, adokotala anati ndachira, mawanga a kumsana anazimiririka. Linatsala ndi dzanzi lokha. Amayi anati, "Doris, dzina la matendawa lithere m'nyumba muno." Kuno palibe amene akudziwa.

Ndatsuka ndi madzi amchere, ndamanga. Kabala kakang'ono, pansi pa chala chachikulu.

Lachisanu, 8 Novembala

Chimphepo tsiku lonse, mchenga mpaka m'mano. Alendo ayamba kuchuluka ku lesitilanti, mbale sizikutha.

Bala silikutseka. M'mawa limaoneka louma, pofika madzulo bandeji yanyowa. Bridget, mnzanga wa pa sinki, waona dontho la magazi pa matailosi posinthira zovala. Ndati ndinaponda msomali. Iye: "Nanga bwanji sukutsimphina?" Ndangoseka. Mawa ndikumbukire kutsimphinako pang'ono.

Lamulungu, 10 Novembala

Kutchalitchi ndi a Petros. Dzuwa lonselija ine m'nsapato zotseka.

Pobwerera andiuza kuti amayi awo abwera kuchokera ku Harare pa Khirisimasi kudzandiona, kenako atumize anthu ku Balaka kukafunsira mbeta. Anali osangalala, Chichewa chawo n'kumathawira ku Chishona monga amachitira akatenthedwa mtima. Anabadwira ku Mufakose mumzinda wa Harare, agogo awo ndi a ku Dedza. Munthu wosamwa, wosakalipa. Sabata yonse amanyamula katundu kufakitale ku Brackenfell, Lamulungu n'kubwera kudzandikonzera loko wa chitseko.

Chaka ndi miyezi iwiri tili limodzi. Sindinawauzebe. Sabata iliyonse ndimati ndiwauza Lamulungu likubwerali.

Lachiwiri, 12 Novembala

Tsiku langa lopuma lathera kukiliniki. Asisita ayamba ndi kuyeza shuga. Ali bwinobwino. Kenako anditsinzinitsa, n'kumandikhudza kuphazi ndi nsonga ya cholembera kuti ndizinena ndikamva. Lakumanja ndamva paliponse. Lakumanzere ndangokhala chete mpaka anena okha kuti nditsegule maso.

"Sisi, pali chimene sukundiuza."

Ndanena m'Chingerezi, motsitsa mawu. Ndimayang'ana miyendo yawo kuti ndione ngati abwerere m'mbuyo. Sanasunthe. Anditsuka, andilembera kalata ya kuchipatala chachikulu.

Lachinayi, 21 Novembala

Chipatala chachikulu. Adokotala achizimayi, achichepere kuposa ine. Akuti matendawo anatha kalekale, sindingapatsire munthu. Balali si khate labwerera, ndi kuyenda pa phazi losamva. Adula khungu lakufa m'mbali mwake ndi kampeni, ine ndikuonerera ngati akudula phazi la wina. Atamaliza, bala lakula kuposa mmene ndimaganizira. Lakuya.

Akufuna andiike chikhakha, masabata asanu ndi limodzi, ndiziyendera ndodo. Ndiye Disembala yense ameneyo. Amenejala ananena kale mu Okutobala kuti nyengo ya alendo palibe wopita kutchuthi, wofuna kupuma apumiretu. Ndakana chikhakha. Adokotala anati, "Ndikupatsani mabandeji, koma mankhwala enieni a bala ili ndi kusaliponda."

A Petros aona jumbo la mabandeji. Ndawauza kuti andipeza ndi shuga. Bodzalo latuluka mosavuta, mpaka ndadzidabwa.

Lolemba, 25 Novembala

A Petros asiya kuthira shuga mu tiyi wawo. Akuti tizivutikira limodzi. Dzulo anabwera ndi buledi wabulauni ndi masamba jumbo lonse, akuwerenga pa foni zimene odwala shuga sayenera kudya. Ndinamwa tiyi wowawa uja ndikuyang'ana pansi.

Kuntchito ndikumaika bondo pa kireti ya zakumwa ashefu akatembenuka. Sizikuthandiza kwenikweni. Layamba kununkha. M'sitima ndikumaima pafupi ndi chitseko.

Lachitatu, 11 Disembala

Ndili m'chipatala kuyambira Lachisanu. Ndinadzuka thupi likutentha, mwanabere atatupa, phazi losalowa m'nsapato. Ndinalikakamiza, ndinapita kuntchito. Cha m'ma 11 ndinangokhala pansi pafupi ndi sinki, osathanso kudzuka. Bridget ndiye anaimbira a Petros.

Diripi masiku anayi. Anajambula phazi. Mafinya sanafike pafupa, koma akuti kunatsala pang'ono. Akanafika, chala akanachotsa, mwina kuposa chala.

Lamulungu a Petros anafunsa adokotala kuti munthu wa shuga ngati ine azindibweretsera chakudya chanji. Adokotala anayang'ana ine, n'kunena kuti za matenda anga afunse mwiniwakene, anatuluka. Ndiye ndinawauza. Zonse, kuyambira ku Balaka. Sanayang'ane phazi. Anayang'ana manja anga, chala chimodzichimodzi. Anangoti, "Zvakaoma," kutanthauza kuti ndi zovuta. Ananyamuka nthawi yoona odwala isanathe.

Lolemba sanabwere. Dzulo ayi. Lero ayi.

Bridget watumiza uthenga: pa sinki aikapo wina. Amenejala akuti ndikawaone mu Febuluwale. Sindinalire za ntchito. Ndalira atabweretsa tiyi ndi kundifunsa kuti masupuni angati.

Loweruka, 14 Disembala

Kunyumba. Chikhakha mpaka m'munsi mwa bondo, cholemera, choyabwa kumtunda kokha kumene ndimamva.

A Petros anatulukira Lachinayi, tsiku londitulutsa. Anali ndi pepala la mafunso, anapempha kuti adokotala awayankhe ine ndili pomwepo. Ngati ana athu angabadwe nalo. Ngati kumwera kapu imodzi kuli ndi vuto. Ngati zala zidzaduke. Adokotala anayankha limodzilimodzi: ayi, ayi, ndipo lachitatu zidalira mmene ndizisamalira phazi. A Petros ankalemba.

Tinakwera takisi. Titafika anandikhazika pabedi, anandiikira ndowa yoti ndizisanjikapo mwendo, anaima pakhomo. "Za matendazo ndamva. Koma munandisiya ndikumwa tiyi wowawa masabata awiri, inu mukundiyang'ana." Anawonjezera kuti amayi awo ndiwauze ndekha, iwo sanama m'malo mwanga.

Sananene kuti zatha. Sananenenso kuti zili bwino.

Kuchipatala andipatsa pepala: kuyang'ana pansi pa phazi ndi kagalasi tsiku lililonse, kuviika m'madzi, kupaka vaselini, kukutumula nsapato ndisanavale. Zonsezi anandiphunzitsa kale ku Balaka. Ndinasiya nditafika kuno, chifukwa mpopi ndi umodzi pabwalo ndipo anthu amafunsa.

Lachinayi, 19 Disembala

Atsegula chikhakha kuti aone. Bala lachepa. Pang'ono, koma lachepa, m'mbali mwake mwafiira bwino. Sabata imodzi yokha yosaliponda. Aikanso china. Akuti mwina kumapeto kwa Januwale, ndikapanda kuchita makani. Pambuyo pake nsapato zofewa m'kati moyo wanga wonse, ndiponso ndiganizire ntchito yosaimirira tsiku lonse. Ntchito yake iti, sananene.

Ndaimbira amayi anga ku Balaka kuwauza kuti a Petros akudziwa. Anangofunsa ngati kuno mvula ikugwa.

Lolemba, 23 Disembala

Amayi a Petros anabwera dzulo, a Petros ali nawo. Aafupi, ovala duku loyera, maso akuthwa. Ndinaphika nditakhala pampando, mpunga ndi nkhuku. Ndinawauza chakudya chisanafike patebulo, kuti asankhe okha kudya kapena kusadya.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa a Petros china chake m'Chishona, iwo anayankha nthawi yaitali, ine ndinatolapo dzina langa ndi mawu oti dokotala basi. Kenako anasamba m'manja. Mpunga anadyako pang'ono. Nkhuku sanaikhudze. Kaya ndi ine, kaya ndi kutopa kwa masiku awiri m'basi, sindikudziwa. Potuluka anangoti nditsale bwino.

M'mawa uno uthenga wa a Petros: amayi akubweranso lero masana, okha. Ndafunsa kuti akudzatani. Akuti nawonso sanauzidwe, angowakwezetsa takisi.

Ndasesa nditakhala pabedi, pomwe tsache limafika. Makapu awiri ndatsuka. Madzi awira kawiri.

Galu wa alandilodi akuuwa kugeti. Ndodo imodzi yagwera kuseri kwa bedi, ndipo akugogoda kale pachitseko.