Uthenga wa Maliro Sunafike ku Mulanje

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Chipinge tilipo, kungoti zinthu zathina. Chimanga cha kuseri kwa komboni chinapsa ndi dzuwa. Alamu abereka mwana wamkazi, koma achimwene ali ku Joni, sanamuonebe. Tiyi akungokula m'minda, othyola achepa.

Kukoleji ya uphunzitsi kuja sindinasiye. Anatilumikiza pa intaneti ndi ophunzira a ku Malawi kuti tiziyerekeza mmene maboma athu amayendetsera sukulu. Ine anandipatsa mtsikana wa kwanu ku Mulanje, dzina lake Tamanda. Magetsi akangoyaka ndimathamangira m'tauni kukamulembera.

Akuti kwawo pulayimale ndi yaulere, koma ana amachuluka mpaka ena kuphunzirira pansi pa mtengo. Ine ndinamuyankha kuti kuno makalasi alipo, mabenchi alipo, koma aphunzitsi anathawa njala. Tinangosekana, nanga tikanatani? Atandiuza kuti ana aang'ono kwawoko amaphunzira m'Chichewa, ndinachita nsanje, Amayi. Ndinataya Chingerezi n'kumulembera m'chiyankhulo chanu. Akuti ndimayankhula ngati agogo ake! Chimwalirireni inu, ndi iye yekha amene ndacheza naye chonchi. Adzukulu anu amandiyankha m'Chindau, chiyankhulo cha kuno. Paja munkati kalikokha n'kanyama. Ndasungulumwa zedi.

Tsono nkhani ndi iyi. Ndinamuuza kuti abale anu sanamvebe za maliro anu. Tamanda akuyendera masukulu a kumidzi pa ntchito yathuyi, ndipo wadzipereka kukanena uthengawo, bola ndimuuze mudzi wake. Ndikudziwa kuti munasiya mng'ono wanu Esitere. Ndikudziwa kuti munkatunga madzi kumtsinje wozizira, m'munsi mwa phiri. Koma dzina la mudzi, ayi. Ndikakufunsani munkangoti ndidzakaona ndekha tikadzapita.

Temu ikatha, ntchito yathu yatha, ndipo Tamanda abwerera kukoleji kwawo. Ndazungulira komboni yonse. Akuluakulu amene munabwera nawo anatha. Atsala a Phiri okha, nawonso mutu unayamba kuwasokonekera. Dzulo ananditcha dzina lanu, n'kundifunsa ngati ndathyola kale tiyi. Mawa ndipitakonso.

Ndikulonjeza kuti sindisiya kufunsa. Koma ngati kumeneko amalola, bwerani kutulo mudzandiuze, Amayi. Mayi aang'ono akukudikiranibe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya