Khomo Loyang'ana ku Doko

Lachinayi madzulo. Kunatentha tsiku lonse, koma ine ndi chimwemwe changachi sindinamve n'komwe.

Lero ku miting'i ya bungwe lathu la amalonda pa Boma ndinalankhula koyamba. Acheyamani anali pa nkhani yopenta mashopu kuti tauni ioneke bwino. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Acheya, penti ndi yabwino, koma tikupentera ndani? Mashopu athu onse anayang'ana kumsewu, kumene kumadutsa basi ndi mbuzi. Anzathu a ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, akatsika m'mabwato padoko amadzera kanjira ka kumbuyo, ndipo amangoona zinyalala zathu."

Pomwepo Amai Tembo ogulitsa zovala za salaula anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amvekere, "Zaka zonsezi takhala tikufulatira makasitomala!"

Onse agwirizana nazo! Loweruka tikalambula kanjirako, ndipo aliyense wofuna aboole khomo kumbuyo kwa shopu yake. Acheya ati ndiyambe ndine, poti nzeruyo ndi yanga.

Chondivuta n'chimodzi. Khoma lakumbuyo kwa shopu yanga anamanga ndi malemu amuna anga, njerwa zake anaumba okha. Pochokera ku miting'i ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndikuwadziwa, akanayamba anyinyirika, kenaka n'kupita okha kukabwereka hamala.

Ndinatola khala pa mbaula n'kujambula khomo pakhomapo. Loyamba linachepa, ndinafufuta. Ndajambula lina lalikulu, loti mayi wosenza dengu la nsomba alowe osawerama.