Mtengo wa Amalume Ndaupeza

Lachisanu, Okutobala 1994. Kwatentha koopsa, koma mtima uli m'malo.

Chilonda cha pamwendo pa mkazi wanga Esinati chikukanabe kupola. Kukiliniki atsuka, amanga bandeji, akuti tibwerenso. Amalume a Zuze akadakhala moyo, bwenzi atawazapo kale ufa wawo wofiira uja. Koma akuluwa kuumira! Kutchire ankapita okha, makungwa n'kubwera nawo osinjasinja. Ukafunsa dzina la mtengo ankangoti, "Mphwanga, ukufuna ndife mawa?" Anamwaliradi, dzinalo n'kupita nalo kumanda.

Lero, ndikusaka ng'ombe m'tchire la ku Zemba, ndaona mtengo wa zipsera zakale, china kum'mawa, china kumadzulo. Wofuna luzi sasenda choncho, amatero ndi wamankhwala. Patsinde panali kampeni kadzimbiri, chigwiriro chokulunga mphira. Kampeniko n'ka amalume, ndinkawanolera ndine.

Esinati akuti, "Ndiye mukufuna muyesere pa ine?" Ayi, ndiyambira pa bala langa la khasu, iye bandeji asachotse. Balali likauma, ana onse ndipita nawo dzuwa likuswa mtengo, aliyense akaugwire mtengo wa amalumewo ndi manja ake. Dzina lake sindilidziwa. Tingoutcha Zuze, ndione ngati angakanenso...