Madzi a m'manja a Hendrick

Bertrams, Joni
Julaye 2016

Okondedwa Azakhali aNangozo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Ine ndilipo, kuzizira kokhaku ndiye kwatikwana.

Ntchito ndikugwirabe kunyumba yosamalira okalamba ija ya ku Rosebank. Kuli agogo ena, a Hendrick, amene anabwera kalekale kuchokera kwathu kudzagwira ntchito m'migodi. Ukalamba unawasokoneza mutu. Ana awo obadwira konkuno sawazindikiranso, Chizulu anaiwala, chatsala ndi Chichewa chokha. Sadya pokhapokha ndigwade, ndiwathire madzi m'manja ngati kwathu.

Abwana akuti zimenezo n'zotaya nthawi, poti antchitofe anatichepetsa chiwerengero. Akuti ndizingowapukuta ndi kansalu konyowa, ndiwapatse supuni, ndithamangire wina. Ndinayesa. Agogowo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndakulakwira chiyani?" Mawa lake ndinagwadanso, abwana n'kundipezerera. Pano andisamutsira kuzipinda zam'mwamba, ndipo mbale za a Hendrick zikubwerera kukhitchini zosakhudzidwa. Anthu awa, Azakhali, amaona mabedi, saona munthu. Koma ndilankhule bwanji, za mapepala anga okhalira kuno mukuzidziwa.

Pali kenanso. Ndikamawathira madzi amanditchula Esinati, dzina lanu lomwe. Akuti ndi kamwana kawo kamene anakasiya kakukwawa ku Ntcheu. Sindikunena kanthu ayi, ma Esinati ndi ambiri. Koma paja munkati bambo anu anapita ku Joni chaka chanji?

Moni kwa onse. Chonde musachedwe kuyankha, agogowa akuwonda.

Ine mwana wanu,
Dailes