Mikuyu ya pa kasupe sigwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno amayi mwendo ukuwavutabe, ineyo tulo sindikutiona.

Nkhani ndi ya asuweni athu a Lemani. Akumanga mashopu m'mbali mwa msewu wa ku Thambani. Zimenezo sindikukana, sopo ndi mchere tizigula pafupi. Koma aumba njerwa zambiri, ndipo nkhuni zootchera akufuna adule mikuyu ya pa kasupe paja. Achimwene, taganizani. Si paja kwa a Nachisale atadula mitengo chitsime chinauma?

Ndinawapeza akunola nkhwangwa. Anaseka mwachisuweni n'kuti, "Akazi anga, musadandaule, madzi a m'botolo ndizikugulitsani motchipa."

Ndinati, "Amuna anga, nanga mbuzi zanga zizibwera ndi chikwama kudzagula?"

Ndinawapempha amange ndi mabuloko a simenti ngati ku boma. Akuti sangakwanitse.

Tsopano dengu langa la manachesi ndalichotsa kumsewu, ndikugulitsira pansi pa mikuyuyo. Galimoto sizidutsako, manachesi ena akuwola, koma ndimakhala pompo mpaka dzuwa kulowa. Amayi ena otunga madzi ayamba kukhala nane. A Lemani anabwera ndi nkhwangwa yawo, anangogula manachesi n'kubwerera.

Chonde muwaimbire foni, inu amakumverani. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzadwala, iwo n'kupezerapo mpata. Ngakhale ndidwale, mphasa ndidzayala pomwepo.

Ambuye akusungeni. Mukadzabwera, madzi mudzamwa a pa kasupe pomwe paja.

Ndine mlongo wanu,
Esinala