Labala Yotchipa pa Bati ya Bambo

Lachitatu, 9 Okotobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino zedi, ndanenepa moti galasi la m'shopu yanga yometera silikundikwananso, ndimadziona theka theka. Makasitomala ali pamzere mpaka kumsewu, ena akuchita kulikalipira tsitsi kuti limere msanga abwerenso.

Katundu munatumiza uja anafika. Koma musanatukumule chifuwa, khalani pansi ndikuuzeni momwe bati yanu inatsala pang'ono kutiphera bambo.

Mukudziwa kuti chigwereni sitiroko ija, dzanja lawo lamanja linangokhala ngati lobwereka. Mayi wa mafizo kuchipatala anati azisewera tenisi ya patebulo, kampira kaja kamadzutsa dzanja ndi maso. Ndinakuuzani pa foni, inu n'kuti, "Zimenezo undisiyire ine." Ndiye munalowa m'sitolo n'kuloza bati yodula kuposa zonse, eti? Musakane. Inabwera m'kabokosi kokhala ndi kansalu mkati ngati muli mphete ya ukwati. Bambo ankagona nayo kumutu. Aliyense wobwera kudzazonda matenda ankayamba wazonda bati.

Tsiku loyamba ndinatseka shopu masana, ndinawasambitsa, ndinawaveka, n'kuwakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka ku holo komwe kuli tebulo. Ndinawaimiritsa, dzanja lamanzere litagwira m'mphepete. Ndinaponya kampira mwaulemu ngati ndikupereka dzira kwa apongozi. Achimwene, kanangokhudza labala yomatidwa pa bati yanu ija, kanathawa! Kanakamenya denga. Kena kanakagwera m'kapu ya tiyi ya mlonda wa paholopo. Kena sitinakapeze mpaka lero, ndikuganiza kanafika kwanuko, mukakaona mutitumizire.

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, mukundidziwa. Bambo sanaseke. Anaika bati pa tebulo pang'onopang'ono, nati, "Ndibwezere kunyumba. Mwana wanga wanditumizira chinthu cha akatswiri, koma dzanjali ndiye lafa."

Kuyambira pamenepo holo anaikana, mafizo anawakana, dzanja analibisa m'bulangete. Mlongo wathu akabwera ndi chakudya, iwo ankatembenukira kukhoma. Mayi wa mafizo anandiuza mosapsatira kuti dzanjalo likagona miyezi imeneyi, basi, silidzadzukanso. Pamenepo inu munali mutatanganidwa, foni yanu inkangolira yokha.

Ndinaiba batiyo tsiku lina kuti ndikaonetse anthu kuseweradi kwake, pajatu ine ndinagonjetsa msewu wathu wonse, ndi agalu omwe. Mlonda uja anandikwapula ngati mwana, atagwira kabati kakalekale ka paholo kosendeka m'mbali. Ndinati tisinthane. Taonani zodabwitsa, kampira kanayamba kundimvera ngati ndakalipirira sukulu, iye n'kumathamangitsa mipira pansi pa mipando. Ndipamene ndinazindikira kuti mfiti ndi labala. Yanuyo ndi ya siponji yokhuthala, yaliwiro, kampira kamanyamuka usanakauze kopita. Munthu wongoyamba kumene amafuna yozizira, ya siponji yopyapyala, yofewa, yogwira kampira kaye pang'ono isanakatulutse. Inu munagulira munthu woyendera ndodo galimoto ya mpikisano.

Ku sitolo ya zamasewera mayi wogulitsa anandiona nsapato zanga zowala n'kuyamba kunditsitsira labala za pamwamba.

"Tengani iyi bambo, imazunguza mpira."

Ine ndinati, "Mayi, kwathu mitu yazunguzika kale. Ndipatseni yaulesi kuposa zonse."

Anawerama n'kusolola ya pansi penipeni, n'kuipukuta fumbi ndi chigongono. "Iyitu ndi ya ana asukulu."

"Yomweyo. Mwana wanga ali ndi imvi."

Ndinatenga yofiira ndi yakuda, monga inalili yanu, ndi kachubu ka guluu. Mtengo wake ndikakuuzani mukomoka ndi manyazi, ndiye ndisiye.

Kuwapempha bambo kuti ndisende mphatso yanu kukanakhala kupempha diso. Ndinadikira atagona tulo ta masana, n'kuthamangira nayo ku shopu. Ndinasenda labala yanu, inalira ngati ikudziwa mtengo wake. Ndinapaka guluu pa thabwa ndi pa siponji, kudikira aume, kumata, kugudubuzapo botolo kuti mpweya utuluke, kenako kudula m'mbali ndi lezala. Dzanja langali, limene limameta ntchentche ili mkati mouluka, linaphonya mzere achimwene. Bati ndinaibwezera m'kabokosi iwo akadali kuliza mkonono.

Kuwabweza ku holo ndiye inali nkhondo. Ndinachonderera, ndinagwada, mlongo wathu analira, iwo anakanitsitsa. Mapeto ake ndinanama kuti inu mwapempha chithunzi chawo ali pa tebulo. Anadzuka okha. Anaitanitsa jekete. Ine mawondo atatupa kugwada, dzina lanu lokha n'kuwanyamula ngati nthenga.

Ndinaponya kampira. Anakakhudza, kanadutsa neti, kanagwera patsogolo panga mwaulemu. Ndinabweza, anabweza. Ndinabwezanso, anabwezanso. Anaseka ndi mbali ya pakamwa imene ikugwira ntchito ija, malovu n'kudontha, ine n'kupukuta. Panopa tikupita pafupipafupi, amachita kundidzutsa ndi ndodo. Kapu akunyamula okha. Dzulo amanga batani la malaya, ndipo analimanga pa bowo lake.

Tsono imvani malipiro anga. Aliyense wolowa m'holo amamuimitsa n'kumuonetsa bati. "Iyi yandichiritsa. Mwana wanga wa kutali uja, mutu umagwira, amadziwa chinthu chabwino." Mlonda anawafunsa tsiku lina, "Nanga uyu amakukankhaniyu, madala?" Iwo anati, "Uyu? Uyu ndi phokoso basi." Holo yonse inagwa nako kuseka, ine ndinaseka kuposa onse, mpaka anandipatsa madzi.

Ndinkadzitonthoza kuti sakudziwa. Koma munthu amene anamata soli za nsapato moyo wake wonse ungamubisire guluu? Lamulungu lapitali ndikuwavula masokosi, anatenga bati n'kuyendetsa chala chachikulu m'mbali mwake, chala cha dzanja lomwe lija linafa. Anainunkhiza. Anati, "Guluu wachuluka. Ndipo kudula kwako n'kokhota, ndiwe wometa wanji iwe?"

Ndinakhala chogwada, sokosi ili m'manja, kudikira mawu otsatira. Anabweradi. Anati, "Usamuuze mkulu wako, angakhumudwe."

Ndiye ndakuuzani. Khumudwani pang'ono, sizipha, ine ndine umboni. Koma mukaimba foni, akamakuthokozani muzingoti zikomo, musaonetse kuti mukudziwa. Ndipo musatumizenso kanthu. Nsapato zothamangira zomwe munanena zija zisiyeni, zingatithamangitsire nkhalamba kumanda.

Mlongo wathu akupereka moni, akuti msana ukumuvuta koma musadandaule. Mlamu wanu sanapereke moni, wati ndilembe choncho. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwapsompsone, muwauze kuti ali ndi bambo awo aang'ono okongola koopsa.

Bambo moni wawo ndi wautali, sungakwane papepala pano. Akuti akukonzekera kuti mukabwera adzasewere nanu, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa kuti mwati mubwera mwezi uti. Ndawatchulira kale miyezi ingapo, yonse yadutsa. Nditumizireni mwezi woti ndiwauze. Ngati palibe, muwauze nokha, ine ndikhala nditawagwirira foni kukhutu.

Ndine mng'ono wanu,
Wometa