Ng'ombe za Emma

Lolemba, 5 Meyi

Ndabwerako kotsukitsa magazi. Pa Chiweta ndasanza kawiri, kondakitala n'kumandiyang'ana ngati chidakwa. Ine amene ndi madzi omwe amachita kundiyezera m'kapu. Mapazi atupa ngati maungu, sakutha kupalasa makina osokera. Mayunifolomu a ana a sukulu mbwee pakona, eni ake ayamba kudzatenga osasoka. Adokotala akuti impso zonse ziwiri zatheratu, kutsukaku n'kongokankhira masiku. Komiti ya ku Lilongwe ikhoza kunditumiza ku India, bola ndipeze wachibale wondipatsa impso imodzi. Amanena ngati n'kupempha machesi.

Lachinayi, 22 Meyi

Magazi a mkazi wanga Fainess sakugwirizana ndi anga. Walira njira yonse. Ndamuseka kuti kusagwirizanako ndinakudziwa kalekale, iye osaseka. Abale amene amadzaza khonde pa Khirisimasi, lero mafoni awo onse alibe netiweki. Madzulo wangotulukira mlongo wanga Emma kuchokera ku Hara, matope a kumpunga ali m'miyendo. Asanakhale n'komwe: "Adumbu, akandiyeze ine."

Lachiwiri, 10 Juni

Lilongwe. Magazi, mkodzo, mtima, ndi mano omwe. Emma anamulowetsa payekha, kumufunsa ngati ndamukakamiza kapena kumulonjeza kanthu. Akuti anawayankha kuti telala wa pa Uliwa angalonjeze chiyani, chigamba? Zotsatira zatuluka, tikugwirizana. Ndinakalirira kuchimbudzi. Chatsala n'chimodzi, mwamuna wake asayine kuti walola.

Lamulungu, 15 Juni

Ku Hara. Mlamu wanga Manase anangoti zyoli, olankhula anali abambo ake aang'ono. Akuti iwo anapereka ng'ombe, analowola munthu wathunthu, osati woti akwawo azibwera kudzatapako ziwalo. Akakafera ku India, anawa alera ndani? Zina mwa ng'ombe zimenezo ndi zomwe adada anandipatsa kuti ndikalowolere Fainess. Banja langa ndinamangira pa Emma, lero ndabweranso kudzafuna impso yake.

Pondiperekeza Manase anandigwira mkono. "Alamu, sindikudana nanu. Ndikungoopa." Akanakhala munthu woipa bwenzi mtima uli m'malo. Ndikumumvetsa, n'chimene chikundiwawa.

Lachisanu, 4 Julayi

A Saidi, agolosale a ku Mangochi amene timakwerera limodzi minibasi popita kumakina otsuka magazi, lero sanaime pasiteji. Pabedi lawo ndapeza pagona wina. Sindinafunse.

Komiti yavomera dzina langa. Nkhani imene ndakhala ndikuipempherera, koma ndaimva ngati uthenga wa maliro. Manase akapanda kusayina mwezi uno, malo anga apatsa wina. Mulungu, mwandionetseranji chitseko muli ndi kiyi m'thumba? Ndikuopa kufa. Ndalemba, ndikuopa.

Loweruka, 19 Julayi

Emma wapita kwa adada ku Mlare osandiuza. Akuti adada abweze ng'ombe za eni. Ukwati ukatha palibenso woti asayine, thupi n'lake. Koma kwathu kuno ana amakhala a bambo, onse atsala ku Hara. Keziya, wotsiriza uja, amagonabe atagwira chitenje cha mayi ake.

Adada abwera okha panjinga. M'khola mwatsala zochepa, ziwonjezeredwa ndi zolimira zomwe. Akhala nthawi yaitali akuyang'ana mapazi angawa. "Kenan, nonse ndinu anga. Iwe ukati ayi, khola sinditsegula." Ndawauza kuti ndiganize kaye. Munthu weniweni akanakana pomwepo.

Lolemba, 21 Julayi

Zadutsa m'mawa uno. Njira ya ku Hara ndi yomweyi, pakhomo panga penipeni. Ndinazimva zisanafike, ziboda pa tala, malole akuimba mahutala. Adada kumbuyo ndi kamtengo, akuyenda pang'onopang'ono. Atafika pa shopu yanga anaima, nkhope kuloza pakhomo. Anaima ndithu, ng'ombe mpaka kuyamba kudya udzu wa m'mbali mwa msewu. Amadikira ine.

Ndinali kuseri kwa katani amene ndinasoka ndekha. Liwu limodzi lokha, ndipo linali pakamwa. Sindinatuluke.

Emma wafika masana ndi kachikwama, kumsana kulibe mwana. Sanalire. Wangofunsa Fainess ngati ku India kumazizira, atenge juzi kapena ayi. Potulutsa zovala zake mwagwa kansapato ka Keziya, kamodzi. Wakatola msanga, kuganiza kuti sindinaone.